Nazale yopereka homuweki kapena youmbitsa dothi?

FUNSANI APHUNZITSI

Aphunzitsi,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Woyamba ndi mtsikana, wakwanitsa zaka zitatu mu Juni, ndipo tikufuna ayambe nazale sukulu zikamatsegulira mu Seputembala. Pafupi ndi kwathu pali sukulu ziwiri. Ina ndi yampanda: ana amavala yunifolomu ndi tayi, amalemba mayeso teremu iliyonse, homuweki amayamba kupatsidwa ali mu bebi kalasi, ndipo Chichewa n'choletsedwa. Mwana wa aneba athu amapita kumeneko. Ali ndi zaka zinayi koma amawerenga manambala mpaka 100 m'Chingerezi. Inayo ili pa tchalitchi. Fizi yake ndi yotsika, koma ndikamadutsa popita kumsika ndimangoona ana akuimba, akuumba zadothi, akuthamangitsana. Bambo akunyumba akuti sangatulutse ndalama kulipirira masewera poti mwana amasewera kale pakhomo ulele. Apongozi anga akuti mwana wa zaka zitatu n'khanda, kumugwiritsa pensulo n'kumuzunza. Ine ndili pakati. Sindifuna kuti mwana wanga adzatsalire anzake akamadzayamba Sitandade 1. Nditani?

Mayi wa ku Chilomoni

Zikomo mayi. Ndiyambe ndanena komwe ndaima kuti musavutike kundifunafuna: mwanayo akanakhala mdzukulu wanga, ndikanamupititsa pa tchalitchipo. Koma fizi sindikanapereka ndisanakhale kumeneko m'mawa wathunthu, chifukwa zomwe mumaona podutsa kumsika sizingakuuzeni ngati anawo akuphunzira m'masewerawo kapena angotayidwa pabwalo kuti nthawi ipite.

Tiyambe ndi mwana wa aneba, poti ndaona kuti ndi amene wakusowetsani tulo. Tsiku lina akabwera kwanu kudzasewera, tolani timiyala todzaza dzanja, muike pansi, mumuuze kuti akupatseni tinayi. Mufunseni m'Chingerezi chomwecho ngati mukufuna. Mwina akupatsani tinayi ndithu, ndipo tidzamuyamikira. Koma musadabwe akakutapirani tonse, kapena akayamba kuimba "one, two, three" chala chikudumpha timiyala tina, kwinaku chikuloza kamodzi kawiri. Ndinaphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri ndisanapume, ndipo ana otere ndinkawalandira chaka ndi chaka. Manambalawo anawaloweza ngati nyimbo. Zoti "zinayi" ndi kuchuluka kwa zinthu, zoti nambala yomaliza kutchula ndiye chiwerengero cha mulu wonse, zoti timiyala tinayi tikhalabe tinayi ngakhale mutatimwaza, zimenezo sizibwera ndi kuimba. Zimabwera mwana akagwira zinthu, kuzigawa, kuzisonkhanitsa, kukangana ndi mnzake kuti watenga zambiri ndani. Mtsikana wosewera phada amadziwa kuti akatulutsa miyala m'dzenje n'kubwezamo yonse kusiyapo umodzi, dzenje lachepekedwa ndi umodzi. Masamu ochotsera amayambira pamenepo, ngakhale palibe amene wamuuza dzina lake.

Sindikunyoza kuloweza. Nafenso tinaloweza, ndipo pali nthawi yake. Chomwe ndikukana n'kuyesa kuti mwana woloweza wapitirira anzake. Kuloweza kumaoneka msanga, ndiye chifukwa chake sukulu zambiri zolipira zimakukonda. Kholo lomwe latulutsa ndalama limafuna kuona china chake pofika Lachisanu, ndipo kope lodzaza ndi timanambala limaoneka, pomwe mwana amene waphunzira kudikira mnzake amalize kulankhula sabwera nacho m'chikwama.

Nanga Sitandade 1 imafuna chiyani kwa mwana? M'sukulu za boma mwana amayamba ali ndi zaka 6, ndipo m'matauni athumu si zachilendo kupeza ana opitirira 100 m'kalasi imodzi. Mphunzitsi alibe nthawi yoyang'ana mwana mmodzi. Amene amachita bwino m'chipwirikiti chotere ndi mwana wotha kumvetsera nkhani mpaka kumapeto, wotha kutsatira malangizo awiri kapena atatu motsatizana, wotha kunena kuti "sindinamve" kapena "ndikufuna kupita kuchimbudzi" osachita mantha, wodziwa kusunga pensulo yake, ndiponso wa mawu ambiri m'kamwa. Chomalizachi ndicho chachikulu. Mwana amene amacheza, amafunsa, amafotokoza zomwe waona kuchigayo, akangodziwa malembo amawerenga n'kumva zomwe akuwerenga. Amene mawu ake ndi ochepa amatha kutchula maphatikizo bwinobwino koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani, amangokuyang'anani. Sabata zoyamba, ana ochokera ku nazale zoloweza ankaoneka ngati akuuluka. Pofika teremu yachitatu anzawo ankawapeza, ndipo ena mwa oulukawo ankakhala atatopa kale ndi sukulu, ali ndi zaka 6 zokha.

Za pensulo, apongozi anu sananame, ngakhale kuti mawu oti kuzunza akulitsako. Dzanja la mwana limakhwima pang'onopang'ono, ndipo madokotala a ana amadziwa ndondomeko yake. Mwana wa zaka zitatu amatha kukopera chozungulira. Pa zaka zinayi amatha kukopera mtanda. Chinthu cha ngodya zitatu, chomwe chili ndi mizere yopendekera, ambiri amachikwanitsa ali ndi zaka zisanu kapena kuposerapo. Tsono yang'anani A, K, M ndi W: yonseyo ndi mizere yopendekera. Mukamupatsa mtsikana wanu tsamba loti adzaze ndi K, mukumupempha chinthu chomwe zala zake sizinafikepo. Adzafinya pensulo ndi nkhonya, adzaboola pepala, adzalira, ndipo pamapeto pake homuwekiyo mudzalemba ndinu mutagwira dzanja lake, nsima ikuzizira patebulo. Aphunzitsi adzachonga ndi bolopeni yofiira, inu mudzasayina, ndipo nonse mudzakhala mukudziwa amene walemba. Dothi lomwe mumaona akuumba lija ndilo likukonza zalazo. Kufinya, kukulunga, kutsina timiyendo ta ng'ombe, kutunga mikanda kapena zitsekerero zamabotolo pa chingwe, kung'amba mapepala, kujambula ndi chala pamchenga kapena ndi khala pakhonde, kumanga mabatani a malaya ake: mwana wochita zimenezi akafika zaka zisanu pensulo siimuvuta. Nthochi yovundika isanakhwime imachita chikasu kunja, koma mukaidya ndi yofwafwa.

Bambo akunyumba mwina anena kuti awa ndi maganizo a gogo wopuma pantchito, ndiye ndiwapatse zomwe ena anafufuza. Ku Tennessee, m'dziko la America, akatswiri a payunivesite ya Vanderbilt anatsatira ana pafupifupi 3,000 a m'mabanja osauka. Malo m'makalasi a boma a ana a zaka zinayi anali ochepa, choncho ankachita maere: ena analowa, ena anatsala. Poyamba sukulu, olowa aja anali patsogolo pa malembo ndi manambala. Pasanapite nthawi anzawo anawapeza. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti pofika giredi 6 (ngati Sitandade 6 kuno) olowa aja ndi amene anali kumbuyo pa mayeso, ndiponso ankapalamula kwambiri kusukulu. Akatswiri amatsutsanabe pa chomwe chinachititsa, koma mmodzi wa ofufuzawo, mayi Dale Farran, analoza chala pa makalasi omwe ana ankakhala nthawi yaitali akumvera mphunzitsi, kulemba mapepala ndi kufola pamzere, m'malo mosewera ndi kucheza. Ku New Zealand, wofufuza wina, Sebastian Suggate, anayerekeza ana oyamba kuphunzira kuwerenga ali ndi zaka zisanu ndi oyamba ali ndi zaka 7. Pofika zaka pafupifupi 11 panalibenso kusiyana. Ku Finland, dziko lomwe sukulu zake zimatchuka, ana amayamba pulayimale chaka chomwe akukwanitsa zaka 7. Komabe musanditengere kutali: kuno si ku Finland. Kumeneko makalasi ndi ang'onoang'ono, mabuku ali m'nyumba zambiri. Chomwe ndikutengapo n'chakuti kufulumira kuyamba si kumene kumapangitsa mwana kukhala wanzeru, osati kuti mwana angokhala osaphunzira kanthu.

Tsopano nkhani yomwe ndikuganiza kuti ndiyo yagona pansi pa kalata yanu yonse, ngakhale mwaitchula mwachidule: Chingerezi. Sindingakunamizeni kuti n'chosafunika. Mayeso a Sitandade 8 ambiri amalembedwa m'Chingerezi, ku sekondale n'chimodzimodzi, ndipo munthu wolephera Chingerezi pa MSCE satenga satifiketi. Kholo lililonse lofuna kuti mwana wake achidziwe msanga likuganiza bwino. Funso ndi lakuti kuletsa Chichewa kwa mwana wa zaka zitatu kumabweretsadi Chingerezi kapena ayi. Zomwe ndaona n'zakuti kumabweretsa chete. Mwana amene wauzidwa kuti chilankhulo cha amayi ake n'cholakwa, pomwe chinacho sanachidziwe, amangotseka pakamwa m'mawa wonse, n'kumatsegula pokhapokha onse akamayankha pamodzi kuti "We are fine, thank you, teacher." Maola anayi pa tsiku osafunsa funso, pa msinkhu womwe mwana amayenera kutopetsa anthu ndi "chifukwa chiyani". Ndipo tinene zoona, m'masukulu ena oletsa Chichewawo aphunzitsi eni ake Chingerezi chawo n'chopereweza, moti mwana amangomva ziganizo zomwezomwezo: khala pansi, khala chete, tulutsa kope.

Pa kuwerenga, Chichewa chili ndi mwayi womwe Chingerezi chilibe. Tili ndi a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka momwe lalembedwera. Mwana akadziwa ma, me, mi, mo, mu ndi na, ne, ni, no, nu, amatha kuwerenga yekha "amama", "mano", "nena", ndipo nkhope yake imawala chifukwa mawuwo akuwadziwa. M'Chingerezi yesani kumufotokozera chifukwa chake "one" amayamba ndi o koma amamveka ngati w, kapena komwe kwapita g ndi h mu "eight". Mwana amene wagwira chinsinsi cha kuwerenga m'chilankhulo chake sachiphunziranso kachiwiri. Amangochisamutsira ku chinacho. Ndicho chifukwa chake ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, imayendetsa Chichewa ndi Chingerezi limodzi m'makalasi oyambirira. Chingerezi cha mwana wa zaka zitatu chilowere m'khutu: tinyimbo, mayina a zinthu, timasewera toti gwira mutu, gwira mapewa, kabuku ka zithunzi madzulo. Mukakafika pa tchalitchipo kafunseni ngati amachita zimenezi. Ambiri amachita.

Koma ya pa tchalitchiyo isangodutsa ulele chifukwa ndaikomera. Pali malo ambiri omwe amati ana amaphunzira posewera, chonsecho palibe chomwe chikuchitika: alezi akhala pamthunzi ndi foni, ana akulimbirana tayala limodzi, wamkulu akumenya wamng'ono. Kumeneko ndiye bambo akunyumba angakhale akunena zoona, ndalama ingapite pachabe. Pemphani kuti mukhale pakona m'mawa umodzi. Akakana, yankho mwalipeza kale, ndipo pempho lomwelo mukalipereke ku yampanda ija. Mukakhala pansi, chinthu choyamba kuyang'ana ndi ichi: akulankhula kwambiri ndani, wamkulu kapena ana? Kenaka onani mlezi. Kodi amagwada kapena kukhala pamkeka kuti alankhule ndi mwana maso ndi maso? Mwana akamuonetsa chomwe waumba, amangoti "wakhoza" n'kupitirira, kapena amafunsa kuti ng'ombeyo ikupita kuti, ili ndi miyendo ingati, mwana wake ali kuti? Funso limodzi lotero ndilo limasandutsa dothi kukhala phunziro. Onani ngati tsiku lili ndi ndondomeko yake, nthawi ya nthano, ya nyimbo, ya panja, ya phala, ya kupuma. Onani ngati pali mabuku oti ana agwire okha, ngakhale akhale ong'ambika, osati otsekeredwa m'kabati kudikira alendo. Mwana akalira amatani naye? Akadzikodzera? Pakona pali kamkwapulo? Mukakaona, kaya ndi ku sukulu iti mwa ziwirizi, nyamukani.

Musaiwale kuchimbudzi. Makolo ambiri amaona ofesi ndi zithunzi za pakhoma, osakaona komwe mwana wawo azidzithandizira, ngati pali madzi ndi sopo, ngati dzenje lake ndi la msinkhu wa ana. Werenganinso ana ndi akulu. Mlezi mmodzi pa tiana ta zaka zitatu makumi anayi, angakhale waluso bwanji, ntchito yake ingokhala kuletsa ndewu. Funsani ngati sukuluyo inalembetsa ku ofesi ya Social Welfare, poti maphunziro a mmera mpoyamba akhala akuyang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndiponso ngati aleziwo anapitako ku maphunziro a kaleredwe ka ana. Mayina olembedwa pampanda asakututumutseni. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy amene anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana ku Rome mu 1907, m'dera la anthu osauka, ndipo ana ake ankasankha okha chochita, ankasesa, ankathira madzi m'makapu, malembo ankawaphunzira powasisita ndi chala. Lero aliyense wokhala ndi penti amatha kulemba dzina la Montessori pageti, mkatimo ana atakhala pamadesiki kuyambira 7 koloko akukopera za pabolodi.

Kwa bambo akunyumba ndingati: Bambo, mwanena zoona kuti mwana amasewera pakhomo. Koma pakhomo sapeza anzake khumi a msinkhu wake oti aphunzire kugawana nawo, kudikira nthawi yake ndi kugonja osagubuduzika pansi. Sapezanso munthu amene ntchito yake m'mawa wonse ndi kumvetsera ana. Ndalama mukulipirira zimenezo. Yotsalayo, poti fizi ndi yotsika, muguleko timabuku ta zithunzi, ndipo madzulo muzimuwerengera ndinu, mwana ali pamwendo. Muzipita limodzi ndi mayi kukaona sukulu ziwirizo kuti musamangomva za m'kamwa mwa aneba.

Pali chimodzi chomwe chingasinthe nkhani. Ngati cholinga chanu n'chakuti adzalowe pulayimale yolipira, ina mwa izo imayesa ana polowa: kulemba dzina, kutchula malembo, kuyankha m'Chingerezi. Pitani pa sukulu yomwe mukuilingalirayo panopa, mukafunse zomwe amayesa. Zimenezo ndi za chaka chomaliza cha nazale, mwana ali ndi zaka zisanu, dzanja litalimba, ndipo pa msinkhu umenewo amazigwira m'miyezi yochepa. Ngati ya pa tchalitchi sifika pamenepo ndi ana akuluakulu, mudzamusamutsa nthawiyo. Simukukwatitsa mwana ku sukuluyi. Mukungosankha za chaka chino.

Apongozi anuwo musangowasiya ndi chigonjetso, apatseni ntchito. Nthano zomwe amadziwa, ndagi, nyimbo za pamtondo, ayambe kumuuza mdzukulu wawo. Mwana amene wazolowera kuyankha "tili tonse" mpaka nthano ithe, kenaka n'kuibwereza yekha mawa lake mosokoneza, Kalulu atalowa m'malo mwa Fisi, akuchita ntchito yomwe ine ndinkavutika nayo teremu yathunthu m'kalasi.

Aphunzitsi,

Ine ndimakhala kumudzi m'boma la Ntchisi. Kwathu kuno nazale zolipira kulibe, kuli mkombaphala basi, ndipo ana amakumana m'kachisakasa ndi amayi awiri ongodzipereka. Mchimwene wanga wa ku Lilongwe akuti ndimutumizire mnyamata wanga wa zaka zinayi kuti akaphunzire sukulu yeniyeni. Mayi ake akukana. Kodi ndikumulakwira mwanayu pomusunga kuno?

Bambo wa ku Ntchisi

Bambo, mverani mayi a mwana. Wa zaka zinayi akachoka pa amayi ake n'kukakhala mlendo m'nyumba ya eni, chomwe wataya n'chachikulu kuposa ABC yemwe akamupeze ku Lilongwe. Achimwene anu athokozeni, ndipo muwauze kuti thandizo lawo lidzafunika kwambiri mwanayu akadzafika ku sekondale. Ngati akufuna kuthandiza lero, atumize mabuku a zithunzi, makrayoni ndi choko, zipite ku mkombaphala komweko kuti ana onse agwireko.

Mavuto a mkombaphala ndikuwadziwa. Alezi ambiri salandira kanthu, ndiye nthawi yolima ikafika sukulu imayamba kujomba. Phala likatha, ana amasiya kubwera. Mvula ikagwa, chisakasa chimadontha. Koma onsewa ndi mavuto omwe mudzi ungawagwire, ndipo amene amasowa m'makomiti a mkombaphala nthawi zambiri ndi abambo. Lowanimo. Kambiranani ndi amfumu za munda wa sukulu woti mulimemo chimanga ndi soya wa phala, chifukwa mwana wanjala saphunzira, kaya posewera kaya polemba. Gwirizanani zowalimira aleziwo mizere ingapo kuti asamasiye ana n'kuthamangira kumunda. Zoseweretsa simufunika kugula: zidutswa za matabwa kwa kalipentala, zisononkho, njere za bwemba zowerengera, mipira yachikulunga, magalimoto a mawaya omwe anyamata akuluakulu amapanga kale. Mukapita pa boma, dutsani ku Social Welfare mukafunse za maphunziro a alezi, ndipo mukalembetse mayina a amayi awiriwo.

Mnyamatayo akakwanitsa zaka 6 mukamulembetse Sitandade 1 chaka chomwecho. Kumidzi ana ambiri amachedwa kuyamba, makolo akuti achepa kapena sukulu ili kutali, ndipo oyamba mochedwawo ndi amene amakonda kusiyira panjira. Ngati mtunda ndi wautali, pezani wamkulu wa Sitandade 5 kapena 6 woti aziyenda naye.